Mawu Anu pa Tepi ya ku Mgona

Amayi anga Nabanda,

Kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Ife kuno tadzuka, kungoti chisanu cha chaka chino chatilowa m'mafupa, ndipo fumbi la ku Area 23 mukulidziwa, silisankha wosamba ndi wosasamba. Ndine Tiyanjane. Ndikulemba ndili pakhonde, mwana ali kumsana akundikoka duku, ndiye zilembo zikapindika musati sukulu ija inapita pachabe.

Eya, ndati mwana. Mulungu anatipatsa wamkazi mvula ikuyamba, ndipo tinamutcha Esinati, dzina lanu. Bambo ake ankafuna dzina lachizungu lovuta kutchula, ine ndinangowayang'ana monga munkayang'anira inu mwana wosuzumira vidiyo pa kabowo ka chitseko, nkhani inathera pomwepo. Mwanayu watenga chipumi chanu ndi liwu lanu lomwe. Akalira, a nyumba yachitatu amadziwa kuti kwathu phala lachedwa.

Kamunda kathu ka kudambo kaja kanayesetsa. Chimanga tifika nacho mvula, maungu tinagawirako aneba, koma mbatata inatichititsa manyazi, inangobereka timizu ngati zala. Ku Kawale nyumba yanu ilipo, ngakhale denga la kuchipinda kwanu likudonthabe pomwe paja munkatchera beseni. M'nyumbamo analowamo mlongo wanga Limbani ndi mkazi wake Mesi, ndi mwana wawo Takondwa amene munamusiya akuyamwa. Pano ndi wolongolola, amafunsa mafunso ngati wapolisi. Chipinda chakuseri chija munkaonetseramo vidiyo anachisandutsa khola la nkhuku. Ndinakwiya nditamva, koma mazira ake ndimadya nawo, ndiye ndinatseka pakamwa.

Tsopano khalani pansi, Amayi, chifukwa nkhani yomwe yandigwiritsa cholembera ndi ya mwana wanu wamwamunayu. Limbani anayamba kukamba za ku Joni. Akuti kaunjika sakuyenda, pamsika ogulitsa achuluka kuposa ogula, ndipo mnzake wina anamulonjeza ntchito kumeneko. Tsiku lomwe anandiuza anayamba chonchi:

"Achemwali, ndingopita pang'ono. Ndikapeze ka mpamba, ndibwere."

"Abambo nawonso anati pang'ono," ndinatero ine.

"Ine si abambo."

"Nawonso ponyamuka sanali abambo amene tikuwadziwawa."

Anapsa mtima, anatuluka osatsanzika. Ine sindiopa Joni, Amayi. Anthu amapita n'kubwerako ndi mabulangete ndi mawayilesi. Chimene ndikuopa ndi kutchona. Ndikuopa kuti Takondwa adzakula momwe tinakulira ife, kuthamangira kumsewu galimoto iliyonse ikaima, n'kubwerera chimanjamanja mpaka kuzolowera. Inu mukanakhalapo mukanamukhazika pamkeka, mawu awiri okha akanamukwana. Ine mawu anga amangomupsetsa mtima, chifukwa amati ndimalankhula ngati mphunzitsi wa Sande sukulu. Ndinasowa pogwira, ndipo m'kusowamo ndinakumbuka filimu yathu ija.

Mukukumbuka momwe inabwerera. Katundu womaliza amene abambo anatumiza kuchokera ku Joni anali deki ya vidiyo, m'kati mwake muli tepi imodzi, filimu yachimwenye imene wina anajambula pa TV ya kumeneko. Kalata munalibe. Inu simunalire ife tikuona. Munabwereka TV kwa a Gondwe a ku Biwi, aja ankakonza madeki, munakhometsa mabenchi, chipinda chakuseri chinasanduka vidiyo ya dera lonse. Mafilimu ena anadzabwera pambuyo, a karate, a nkhondo, koma Lamulungu masana tikaweruka kutchalitchi inali yachimwenye ija basi.

Chimwenye panalibe ankachimva, ndiye inu munkakhala pambali pa TV ndi maiki ya kwaya, n'kumamasulira. Mwamuna uja munamutcha Mavuto, mkazi wake Nachisale. Mavuto anasiya mkazi ndi ana awiri kumudzi, n'kukwera sitima kupita kutauni kukafuna ntchito. Nachisale ankaimba pachitsime mvula ikumukhuthukira, inu n'kumamuimbira m'Chichewa mawu anuanu osagwirizana ndi milomo yake, amayi onse m'chipindamo n'kumapukuta m'maso ndi nsonga za zitenje. Bwana wankhanza uja akatulukira munkamuzazira ngati akukumvani. Pakati pa nkhani munkathanso kuima n'kunena kuti, "Yohane, tuluka, amako akukufuna," kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika.

Filimuyo inali yaitali kuposa tepi. Sitima ya Mavuto ikamayandikira siteshoni ya kwawo, iye ali pawindo akuona mitengo ya kumudzi, chithunzi chinkaduka, pa TV n'kungotsala timadontho takuda ndi toyera tija tinkati mpunga. Koma palibe ankadzuka. Inu munkamaliza nokha pa mpungapo, kuti Mavuto watsika ndi sutikesi, ana amuthamangira, Nachisale wagwetsa mtsuko. Munkatseka ndi mawu anu aja oti madzi saiwala khwawa. Kawale yense ankadziwa kuti filimuyo imatha choncho.

Ndiye ndinati m'mtima, Limbani ndimukhazika pansi aonerenso Mavuto akubwerera kwawo, mwina akumbuka kumene anachokera. Tepi yathu mukudziwa kuti inanyowa ndi mvula nthawi ija munkadwala, tinaitaya. Koma masiku ano matepi anatha fasho, kwabwera zimbale zonyezimira, ndipo pamsika wa Chilinde pali mnyamata amene amaziyala pansi ngati usipa. Dzina la filimu sindinkalidziwa. Ndinafufuza chimodzichimodzi mpaka ndinaona nkhope ya Nachisale pachikuto, mtsuko uli m'chiuno. Ndinasangalala ngati ndakumana ndi wachibale padepoti.

Ndinati ndiyambe ndaonera ndekha ndisanamuitane. Ndikanamuitana, Amayi, bwenzi nditachita manyazi a chaka. Chithunzi ndiye n'choyera, moti ungawerenge tsitsi la munthu, pansi pali mawu achingerezi omasulira. Koma nyimbo ya pachitsime anaidula pakati, ya paukwati anaichotseratu, ndipo anthuwo anawaika mawu ena oonda ngati alengezi a pawayilesi. Zonsezo ndikanapirira. Chimene sindinapirire ndi mathero. Sitima ija inafikadi pasiteshoni. Nachisale ali papo, ana ali papo. Mavuto anawayang'ana, pambali pake pali mkazi wina, mwana wa bwana uja, ndipo anakweza dzanja n'kutseka windo. Sitima inapitirira. Ndinakhala pansi mpaka ndiwo zinapserera pambaula.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Nambewe, mnzanu wa pamtima uja. Akalamba, maso akuvuta, koma lilime lidakali lakuthwa. Ndinawafotokozera zonse, n'kumaliza kuti, "Komabe amayi sankadziwa. Tepi yathu inkathera panjira."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe mwana, amako sankadziwa chiyani? Waiwala kuti asanayambe vidiyo ankachapa kwa amwenye kutauni? Filimu imeneyo anaionera konko yonse, atakhala pakhomo la pabalaza akupinda zovala. Tsiku lomwe tepi ya abambo ako inafika anandiuza kuti, Nambewe, Mulungu ndi wabwino, yadukira pabwino."

Amayi, munkadziwa. Lamulungu lililonse munkatsitsa munthu uja m'sitima ndi pakamwa panu, mukudziwa kuti anatseka windo. Sindinadziwe ngati ndikwiye kapena ndigwade. Pobwerera ndinayenda wapansi kuchokera ku Kawale, minibasi zikundiimbira hutala ine osamva. Ndinakusowani tsiku limenelo kuposa tsiku la maliro, chifukwa ndinali ndi funso, ndipo woti ndimufunse panalibe.

Chimbale chatsopanocho ndinachiponya pansi pa sutikesi. Chimene ndinkafuna tsopano ndi filimu yathu yeniyeni, ya nyimbo zake zonse, ya chithunzi chake chotuwa. Ndinapita ku Biwi kwa a Gondwe. Madeki anasiya, pano amajambula maukwati ndi zinkhoswe, ali ndi kompyuta m'kachipinda kodzaza mawaya. Imvi zawamera koma kudzitama ndi komwe kuja. Nditawauza chomwe ndabwerera anavula magalasi.

"Mwana wa Nabanda, ukudziwa kuti mawu a amako ndinawafalitsa ndine? A mavidiyo ena atamva kuti ku Kawale kukudzaza, ankabwera kwa ine kuti ndiwakopere. Koma ankakana ya Chimwenye chokhachokha, ankati tikufuna ija ya mayi wa ku Kawale. Ndiye Lamulungu ndinkabwera ndi deki yachiwiri, chithunzi kuchokera pa tepi, mawu kuchokera pa maiki. Orijino, mwana wanga."

Ine ndinkawaona a Gondwe akukwawa kuseri kwa TV masiku amenewo, ndinkayesa akukonza mawaya. Ndinawafunsa ngati anajambulanso mathero anu a pa mpunga aja. Anapukusa mutu. Akuti chithunzi chikaduka ankazimitsa deki, chifukwa kwa iwo filimu yatha, ndipo tepi sinali ya masewera. Ndinafuna kuwamenya ndi nsapato, koma ndinakumbuka kuti ndabwera kudzapempha.

Iwo anali ndi tepi imodzi yotero m'katoni. Koyambirira inali bwino, koma pakati deki ina inaitafuna, inachita makwinya. Anandiuza kuti ena amene anawakopera anali ku Chinsapo ndi ku Mgona, ngati sanamwalire kapena kusamuka. Ndinamanga Esinati kumsana, ulendo. Bambo ake ankangopukusa mutu, amati anzanga akusaka mabizinesi ine ndikusaka zinyalala. Ndinawayankha kuti walira mvula walira matope, anakwatira mwana wa mwini vidiyo.

Ku Chinsapo ndinasochera m'tinjira mpaka mayi wina wogulitsa makala anandilozera. Mwini vidiyo uja pano ali ndi kagolosale. Nditatchula matepi anaseka, anati ndifunse akazi awo kuseri. Amayi, kuseriko kunali kadimba ka mpiru ndi tomato, ndipo pamwamba pake anamangapo riboni yakuda ya matepi, kuchokera pa mtengo kufika pa mtengo, ikung'anima padzuwa, mphepo ikuiliza kuti nkhuku ndi mbalame zithawe. Ndinaima pamenepo n'kumaganiza kuti mwina mawu anu ndi amenewa, ali pa ntchito yoingitsa nkhuku. Ndinaseka, chifukwa ntchito imeneyo munkaidziwa bwino, kenako ndinapezeka ndikulira pa dimba la eni. Mayiyo anachita mantha, analowa m'nyumba n'kukoka katoni pansi pa bedi. Munatsala matepi ochepa omwe anali asanawang'ambe. Imodzi inali yolembedwa ndi dzanja la a Gondwe kuti ya mayi wa ku Kawale.

Ku Mgona ndinapeza kuti mwini vidiyo wa kumeneko anamwalira. Mkazi wake amagulitsa zitumbuwa pafupi ndi msika. Anandimvetsera akutembenuza zitumbuwa m'mafuta, kenako anauza mnzake kuti amuyang'anire, n'kunditengera kunyumba. Tepi ija inali pansi pa mwendo wa kabati, ikuchirikiza kuti isagwedere. Tinanyamula kabatiyo awiri, m'malo mwake tinaikapo njerwa. Nditafuna kumuthokoza ndi kenakake anakana. Anati, "Mukakonza mudzandiitane ndidzaonere nawo. Malemu amuna anga ankalira pa nyimbo ya pachitsime ija, n'kumanamizira utsi." Tepiyo inali itachita chuku, m'kati mwayera ngati mwathiridwa ufa.

Ntchito imene inatsatira, Amayi, inandiphunzitsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Loweruka lililonse masana, a Gondwe akakhala kuti alibe ukwati, ndinkakhala m'kachipinda kawo. Ankamasula tepi ndi sikuludiraiva, ine n'kumapukuta riboni pang'onopang'ono ndi thonje lonyowetsa sipiliti, uku ndikuizunguza ndi chogwirira cha supuni. Poduka ankalumikiza ndi seletepi. Kenako ankaithira mu kompyuta kudzera mu deki yakale imene ankainyengerera ngati mwana wodwala.

Tsiku loyamba kumva mawu anu sindidzaiwala. Chithunzi chinagwedezeka, mizere inadutsa, kenako inu: "Khalani chete kumbuyoko, tayamba. Uyu ndi Mavuto, taonani nsapato zake, zikupempha madzi." Ndinatuluka panja. Esinati anali akuyamwa, analeka n'kutembenukira ku sipika. A Gondwe ananamizira kuti akufuna chinachake pansi pa tebulo.

Tinakangana nawo kwambiri bambo amenewa. Iwo ankafuna kuti titenge chithunzi choyera cha pa chimbale chatsopano, tiikepo mawu anu pamwamba, basi. Tinayesa. Koma poti atsopanowo anadula nyimbo ndi zina, inu munkati taonani Nachisale akulira pachitsime, pamene pa sikirini pali sitima. Munkaoneka ngati munthu wosokonezeka mutu, ndipo ine sindikanalola. Ndiye tinayamba kusoka ngati chigamba: koyambirira kuchokera pa tepi ya ku Biwi, pakati kuchokera pa ya ku Chinsapo. Ya ku Chinsapoyo nyimbo zake zinali zofufutika, chifukwa anthu ankangobweza pomwepo mpaka riboni inaperepeseka, ndiye nyimbozo tinkayembekeza kuzipeza pa ya ku Mgona. Pamene matepi onse anafera limodzi, m'pamene tinkabwereka kachidutswa pa chimbale chatsopano, ndipo ndinkawauza kuti akachite kotuwa kafanane ndi kwina.

"Anthu amabwera kuno kuti ndiwayeretsere zithunzi," ankadandaula. "Iwe ukuti ndizidetse. Kwalite yanga ukuipha, mwana wa Nabanda."

Chinandiseketsa n'chakuti pa tepi iliyonse munkafotokoza mosiyana, poti anajambula ma Lamulungu osiyana. Pa ina bwana uja munamutcha Chimimba, pa ina Ndevuzamwayi. Pa ina munali ndi chimfine. A Gondwe ankati tisankhe dzina limodzi, ine ndinati asiye choncho, anthu a ku Kawale ankadziwa kuti munthu woipa amakhala ndi maina ambiri.

Ya ku Mgona tinaimaliza kupukuta pomalizira. Nyimbo ya pachitsime inatuluka yathunthu, yotuwa koma yamoyo, inu mukuimba pamwamba pake, amayi a m'chipindamo akuvomera. Tinaisiya ikuyenda mpaka sitima ija inayandikira siteshoni. Chithunzi chinaduka, mpunga unadzaza. A Gondwe anatambasula dzanja kuti azimitse, ine ndinawagwira mkono, chifukwa ndinamva benchi ikulira ndi munthu akutsokomola. Tepi imeneyi sinathere pamenepo. Tsiku lojambulalo a Gondwe anachedwa kuzimitsa, akuti mwina anatuluka kukataya madzi. Ndikanadziwa ndikanawagulira thobwa wambiri masiku onse aja. Tinamvera mpaka pamapeto, ndipo itatha sitinayang'anane. Anangofunsa motsitsa mawu ngati aike mathero enieni pambuyo pake, kuti anthu adziwe. Ndinati ayi, ithere pa mpungapo. Ulendo uno sanatsutse.

Nthawi yonseyi Limbani anali akukonza ulendo. Pasipoti inatuluka, chikwama anagula, ine ndi iye tinkangopatsana moni ngati aneba okangana pa malire. Ndinauza Mesi kuti Lamulungu lomaliza asananyamuke atulutse nkhuku m'chipinda chija. Tinasesa, tinathira madzi, fungo linakana kuchoka koma tinalizolowera. Mabenchi tinabwereka kutchalitchi. Sindinaitane anthu ambiri, koma Kawale mukumudziwa. A Nambewe anabwera ndi ndodo yawo, mayi wa zitumbuwa anachokera ku Mgona atavala chitenje chatsopano, ngakhale Yohane uja munkamutulutsa anabwera, pano ndi bambo wa mimba yake, ali ndi ana. Pamene mawu anu anati, "Yohane, tuluka, amako akukufuna," anadzuka ndithu asanazindikire, chipinda chonse chinagwa ndi phwete.

Limbani sanakhale pansi. Anaima pakhomo atapinda manja, ngati munthu wongodutsa. Koma sanachoke. Ndinkamuyang'ana cham'mbali, ndinaona milomo yake ikutsatira nyimbo ya pachitsime. Takondwa anali pamiyendo panga, akufunsa kuti akulankhulawo ndani, ine n'kumuuza kuti ndi agogo ako.

Kenako sitima, mitengo ya kumudzi, mpunga. Palibe anadzuka, ngati kale. Ndipo inu munayamba:

"Sitima ija yaima. Mavuto wanyamula sutikesi, watsika. Fumbi la kwawo lamugwira kumapazi. Ana aja amuona, akuthamanga, wamng'onoyo wagwa, wadzukanso. Nachisale mtsuko wagwetsa, waphwanyika, alibe nawo ntchito, adzagula wina."

Pamenepo panamveka kamawu ka mwana, pafupi ndi maiki penipeni: "Amayi, nanga sitima ya abambo athu ifika liti?"

Anthu a pa tepipo anaseka. Inu munati, "Khala pansi, Limbani, ukutchinga anzako. Ifika. Madzi saiwala khwawa." Kenako mabenchi anayamba kulira, anthu akutuluka, ndipo patapita kanthawi munalankhulanso, motsitsa, mawu omwe simunkafuna kuti wina amve: "A Gondwe, mwabwera? Zimitsani. Ndatopa."

M'chipinda chathu munalibe woseka. Nditatembenuka, pakhomo panalibe munthu. Ndinamupeza kuseri, pansi pa mtengo wa mango, atakhala pa njerwa, nkhuku zikumuzungulira. Ndinakhala pambali pake osalankhula, zomwe mukudziwa kuti kwa ine ndi ntchito yaikulu.

"Achemwali," anatero osandiyang'ana, "Mesi akuti munagula chimbale chatsopano. Pamenepo zimatha bwanji?"

Ndinaganiza zonama. Pakamwa panali patatseguka kale. Koma ndinamuuza zoona, za mkazi wina uja, za dzanja, za windo. Ndinamuuzanso zomwe ananena a Nambewe, kuti inu munkadziwa.

"Ndiye amayi ankatinamiza eti?"

"Ankatilera," ndinatero.

Anatola kamtengo n'kukathyolathyola. Kenako anati ndimuuze a Gondwe amukopere chimbale chake, ndipo mpungawo asachotse ngakhale pang'ono.

Musayembekeze kuti ndikuuzeni kuti anasintha maganizo, Amayi. Mwana wanu mukumudziwa, mutu ndi wa kwa abambo. Anapita. Tinamuperekeza kudepoti, ine, Mesi ndi Takondwa. Basi inali yodzaza, katundu mpaka padenga, kunja kukuzizira ndi mphepo ya fumbi, ndipo mawindo onse anali otseka. Iye atangokhala pampando anayamba kulimbana ndi windo lake, linali lolimba, analimenya ndi chigongono mpaka linatseguka. Ndinamva mayi wa pambali pake akudandaula za fumbi. Sanamumvere. Anatulutsa mutu ndi mkono, akuitana Takondwa, ndipo basi itanyamuka anakhala choncho, mutu uli panja, mpaka inakhota pa mphambano ife osaionanso. Sindikudziwa ngati anachita dala. Sindinamufunse, ndipo sindidzamufunsa.

Anaimbapo foni kwa bambo a Esinati. Akuti anafika, akugona m'kachipinda ndi anzake angapo, ntchito ija sinali monga anamulonjezera koma akugwira maganyu. Akuti chimbale chija anaonetsa anzakewo, anyamata a ku Mangochi ndi ku Mzimba, ndipo anakangana usiku wonse za Mavuto. Papita nthawi osaimbanso. Mesi amati mayunitsi kumeneko ndi odula, ine ndimavomera, chifukwa ndikapanda kuvomera tilira tonse.

Dzulo ndinali ku Kawale kukathandiza Mesi kumata denga lija. Takondwa anali pamsewu, atakhala pa mwala womwe uja tinkakhalapo ife. Galimoto ina inaima, iye anadzuka, inatsitsa munthu wina, anakhalanso. Kenako anabwera n'kundikoka chitenje.

"Azakhali, basi ya adadi ifika liti?"

Amayi, mawu anu anatuluka okha pakamwa panga, ngakhale kakwezedwe kake. Ndinati ifika, madzi saiwala khwawa, pita ukasambe. Atapita ndinakhala pa mwalawo ineyo, ndipo ndinamva kutopa kuja munkauza a Gondwe. Ndinali ndisanadziwe kuti mawu amenewa amalemera chonchi. Inu munawanyamula Lamulungu lililonse, nokha, mutavala duku loyera, kenako n'kukatiphikira.

Ndakusowani. Ndikakusowani kwambiri ndimaika chimbale chija, osati poyambira, koma kumapeto, n'kumasenda nyemba mpunga ukuthwanima, inu mukulankhula ngati muli kuchipinda. Bambo a Esinati anazolowera, akangomva amatuluka mwakachetechete kukakhala ndi anzawo a bawo.

Ndisiyire pano, mwana wadzuka ndipo dzuwa lapendeka ndisanatole zovala pachingwe. A Nambewe akupereka moni, akuti muwasungire malo pafupi ndi inu koma osati msanga. Ine ndikukulonjezani ziwiri. Takondwa ndizimuuza mathero anu, monga munkatiuzira, mpaka atakula. Koma inu munalibe wokutumirani ku Joni, ndipo munali ndi ife pamsana. Ine ndilipo. Mvula ikubwerayi ikadzatha, chimanga chikadzalowa m'nyumba Limbani asanaoneke, Esinati ndidzamusiya kwa Mesi, ndidzakwera basi yomweyo, ndipo ndidzakamutsitsa ndekha, ngakhale pomukoka khutu.

Gonani bwino, Amayi. Maiki ya kwaya ija ndinaipeza posesa chipinda chija, ndipo ndinaibweza kutchalitchi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiyanjane